Gitala Yonyentchera ya a Nkhoma

Ndikukumbukira fumbi la chaka chimene ndinali Sitandade 5, malole akuwoloka mlatho wa Lilongwe kupita kumene ankamanga likulu latsopano. Chaka chomwecho aphunzitsi athu, a Nkhoma, analowa m'kalasi ndi kagitala ka nsambo zinayi kamene mzungu wina wa ku Area 9 anawasiyira pobwerera kwawo. Anati dzina lake ndi ukulele. Ife tinkangoti gitala yonyentchera.

Kanali kamodzi, pamene ife tinkadzaza kalasi mpaka pakhomo. Ndiye a Nkhoma anatituma kwa akalipentala ku Old Town kukatola zidutswa za matabwa, aliyense n'kujambulapo nsambo zake ndi khala. Lachisanu lililonse kalasi yonse inkanunkha utuchi. A Nkhoma ankafuula, "C! Chala chimodzi, nsambo yapansi!" Ife dii pa thabwa. "F! Zala ziwiri!" Pa G zala zitatu zinkathithikana ngati anthu m'basi. Teremu yonse tinaimba chonchi, popanda kamawu n'kamodzi komwe.

Ine ndinabadwa wamanzere. Bambo anga, telala wa pakhonde la sitolo, anali atatopa kulimenya dzanjalo ndi rula yawo yoyezera nsalu, poti munthu salandira, sadya, salemba ndi manzere. Koma pa thabwa paja, ntchito yonse inali ya manzere! Zala zanga zinkathamanga kuposa za aliyense. Choncho atalengeza kuti kukubwera mkulu wa chipani kudzayendera sukulu, a Nkhoma anasankha ine kuti ndidzagwire kagitala kenikeni, anzanga akuimba nyimbo yotamanda boma. Ndinapempha bambo kuti adzaone okha zimene dzanja lonyozekalo lingachite. Anaphimba makina awo n'kubwera, atavala chipewa chawo cha kumzikiti.

Dzuwa linali lophulitsa mutu. Kwaya inayamba. Ine C, F, G, C, osaphonya ngakhale kamodzi, mtima uli m'mwamba. Ndinangodabwa kuona a Nkhoma akugwedeza mkono wawo ngati akuthamangitsa ntchentche. Nyimbo itatha ndi pamene ndinazindikira: dzanja lamanja linali litangofungatira kagitalako ngati mwana, osakhudza nsambo. Pa thabwa paja linalibe ntchito, ndiye linkadziwa chiyani?

Kenaka mkulu uja anaomba m'manja, ndipo masiku amenewo iye akaomba, nonse munkaomba.

"Mwaona mwambo?" anatero. "Ngakhale kagitala kakudziwa kuti pamaso pa akuluakulu sitisokosa."

A Nkhoma anapukuta thukuta n'kuvomereza kuti ndi mmene anakaphunzitsira.

Pobwerera ndinatsagana ndi bambo mpaka pamsika. Pamenepo anaima, n'kuyang'ana manja anga onse awiri.

"Lamanzereli lagwira ntchito yake, ndaliona. Latichititsa manyazi ndi ili, limene ndakhala ndikulidalira."

Kuyambira tsiku limenelo rula ija inabwerera ku nsalu. Pa mbale pokha ndi pamene sanagonje.

Lero adzukulu anga ku Area 47 ali ndi ukulele wawowawo, ndipo amawaphunzitsa ndi munthu wa m'foni. Phokoso lake agalu amathawa. Akandipatsa kuti, "Agogo, tayesani," zala zamanzere zimapitabe zokha pa C. Lamanjali limangokhala phee, kusunga mwambo.