Nambala imene ndinawapekera amalume

Ndikukumbukira chaka chimene amalume a Dominiko anabwera kudzakhala nafe ku Bangwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Iwo ankakonza makompyuta m'kashopu kena ku Limbe mpaka pamene chifuwa chinawakhazika pansi. Anafika ndi chikwama chimodzi komanso laputopu yothyoka pakona, yomata ndi selotepi.

Mu laputopumo munali gemu yomanga maroketi. Amayi ankati ndi zachibwana, munthu wandevu zake kumaseweretsa tizidole, koma amalume sankazitenga ngati masewera. Ankalumikiza matanki a mafuta ndi mainjini, pamwamba pake n'kuikapo setilaiti yokhala ndi tizipangizo toyezera kutentha ndi mpweya. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza pakhonde atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, akununkhira mankhwala opaka pachifuwa. Anandiphunzitsa nanenso. Maroketi anga oyamba onse anaphulika asanafike n'kumitambo komwe, ndipo iwo ankaseka mpaka kutsokomola.

Ntchito yawo yaikulu inali chombo chopita ku pulaneti lina lakutali, la madzi oundana okhaokha. Anachimanga milungu itatu, chikagwa n'kuyambiranso. Chitanyamuka bwinobwino n'kulowa m'njira, matenda anakula. Tsiku lopita kuchipatala, amayi ali kumsewu kusaka galimoto, anandiitana n'kundionetsa zochita. Ndinayenera kuthamangitsa nthawi ya mu gemu pang'onopang'ono, chombo chikayandikira ndiyatse injini kuti chichepetse liwiro n'kuyamba kuzungulira pulanetilo, kenako nditsegule choyezera kutentha.

"Uwerenge nambalayo, udzandiuze kuchipatala. Usachite phuma, Marita."

Koma ine phuma ndinabadwa nalo. Mawa lake magetsi anazima, ndipo nditaona kuti batire ikutha, ndinadina batani lothamangitsa nthawi mpaka kumapeto. Pulanetilo linangodutsa pasikirini ngati minibasi yodzaza. Pamene ndinkayatsa injini n'kuti chombo chitapitirira kale. Ndinalimbana nacho mpaka mafuta anatha, icho chikungopita mumdima. Ndinayesa kubwerera pamene amalume anasiyira, koma gemuyo inali itasunga kale zolakwa zangazo pamwamba pa ntchito yawo. Ndinatseka laputopu n'kuibisa pansi pa zovala ngati ndaba.

Lamlungu titaweruka ku Misa, amayi anachonderera mlonda wa pachipatala kuti andilole kulowa m'wodi, popeza ana sankaloledwa. Amalume anali atatheratu, kutsala maso okha. Akhristu anzathu a kumphakati kwathu anali atazungulira bedi ndi mabasiketi a zakudya zimene wodwalayo sakanatha kumeza. Aliyense ankati lero ndiye mukuoneka bwino, sabata ino mutuluka basi. Amayi nawonso ankavomereza, chonsecho m'minibasi anali akupukuta misozi ndi chitenje njira yonse. Amalume ankangogwedeza mutu. Atandiona, anandikodola ndi chala.

"Chafika?"

"Chafika, amalume."

"Choyezera chati bwanji?"

Ndinkawakonda, ndipo sindinafune kuwonjezera chisoni pabedi limenelo. Ndinatchula madigiri sate faifi, nambala imene ndinkaimva pawailesi akamanena za kutentha kwa kwathu ku Nsanje. Mawuwo atangotuluka ndinakumbukira madzi oundana aja.

Amalume anandiyang'ana. Sanakalipe, sanandichititse manyazi pagulu. Anangonena motsitsa mawu, moti ndinamva ndine ndekha:

"Iwenso wayamba kuyankhula ngati akuluakulu."

Kenako anatembenukira kukhoma. Amayi anati atopa, tiwasiye apume, ndipo tinatuluka.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Ndinang'amba pepala m'kope la sayansi n'kulembapo zonse mmene zinayendera: kuzima kwa magetsi, batani limene ndinadina, mafuta amene ndinawononga. Ndinkati Lamlungu lotsatira ndikawawerengera, andikalipire ngati akufuna. Amalume anamwalira Lachinayi masana, ine ndili m'kalasi.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinawalakwira potaya chombo chawo. Pano, nditakula n'kudwazika anthu angapo, ndikuona kuti nkhani sinali chombocho. Munthu wokonza zinthu zowonongeka sadabwa akamva kuti china chawonongeka. Chimene amalume ankasowa chinali china. Ankadziwa mmene thupi lawo linalili, koma onse owakonda ankawauza zokoma zokhazokha, ndipo zimenezo zinawasiya okha pakati pa anthu. Anasankha mwana, n'kumufunsa funso laling'ono lokhala ndi yankho loona, kuti amveko chinthu chimodzi chenicheni, ngakhale choipa.

Masiku ano ndikapita kukazonda wodwala, mawu oti mukuoneka bwino sindiwanena. Ndimakhala pansi, n'kudikira kuti afunse chimene akufuna kudziwa, ndipo ndimayankha chimene chilipo, mofatsa. Ena amati ndine wouma mtima. Sadziwa kuti amalume anga anandifunsa nambala imodzi yokha ali pafupi kufa, ndipo mpaka lero sindinawayankhe zoona.