Nambala Yaifupi ya a Ndowa

Dzina lakuti Ndowa anawapatsa ndi ana a sukulu. Kulikonse kumene bambowa ankapita, kumbuyo kwa njinga yawo yamoto kunkakhala ndowa yoyera yapulasitiki, chivundikiro chake chili timabowo tokhatokha. Anawo ankathamangira njingayo mpaka pamphambano, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kusuzumira m'ndowamo. Onse ankadziwa kuti mumayenda njoka.

A Ndowa anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'nyumba yosungiramo matumba a mbewu. Pamene pali mbewu pamabwera makoswe, ndipo pamene pali makoswe, odya makoswewo sachedwa. Anzawo ankapha njokazo ndi fosholo, ena n'kulumidwa ali mkati mopha. A Ndowa anaphunzira pang'onopang'ono kuzinyamula ndi ngowe yachitsulo n'kukazitaya kuthengo, kuseri kwa phiri lomwe anthu amaphwanyako miyala. Kampani ya mbewuyo itatsekedwa, anatsala ndi ngowe, magalasi otchingira maso ku malovu a mamba, ndi manja osanjenjemera. Zimenezo n'zomwe zinaphunzitsa ana awo atatu sukulu.

Ntchito yawo inali ndi dongosolo lake. Nambala ya foni anailemba ndi penti pamakoma angapo. Anthu ambiri ankangoflasha, kuimba n'kudula isanayankhidwe, chifukwa njoka ikamalowa m'nyumba sifunsa ngati m'foni muli mayunitsi. A Ndowa ankaimba okha n'kufunsa mafunso atatu, osasintha ndondomeko yake. Loyamba: mukuiona? Lachiwiri: muli nayo patali bwanji? Kenako ankapereka lamulo lakuti munthu asasunthe ndipo asaichotse maso, poti njoka yotayika m'nyumba imaopsa kuposa yooneka. Funso lakuti muli kuti linkabwera pomaliza, mtima wa munthu utakhazikika, chifukwa wamantha amalondolera njira yolakwika. Akatero ankapatsira foni akazi awo, omwe ankasoka zovala pakhonde. Mayiwo ankacheza ndi woimbayo za ana, za mitengo ya zinthu kumsika, mpaka njinga itafika.

Tsiku lina kunabwera mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, yemwe ankagulitsa manambala a bizinesi m'malo mwa kampani ina ya mafoni. Anakhala pampando wa makasitomala a zosoka n'kuyala timapepala titatu pamwamba pa makina.

"Alamu, mukalamba mukugawa mawu ulere," anatero. "Ngakhale abusa amayendetsako mbale."

"Ndiye ukufuna ndiziyendetsa mbale kwa munthu amene wakwera patebulo?"

"Tamverani kaye. Iyi ndi nambala wamba, ngati yanu yakaleyi. Iyi ndi yaulere kwa woimba, koma olipira ndinu, ndipo ndi makambidwe a achemwaliwa mungagulitse njinga. Koma iyi." Anagogoda kachitatuko ndi chala. "Manambala anayi okha. Woimba amalipira mowonjezerako pa mphindi iliyonse, gawo lina n'kubwera kwa inu."

Mayi aja anaimitsa makina. "Nanga wopanda mayunitsi?"

"Achemwali, munthu njoka ili m'chipinda angalephere kupeza mayunitsi? Inu sokani, izi n'zaamuna."

"Zaamuna zomwe ndimayankha ndine," anatero mayiwo, n'kupondanso makina.

Chimene chinawakopa a Ndowa sichinali ndalama kwenikweni, ngakhale matayala a njinga anali atatha ngati chikhatho. Mwezi wapitawo nkhalamba ina inawauza kuti inaimba katatu nambala yolakwika, zala zikunjenjemera, mphiri ili pakhomo la bafa. Manambala anayi, iwo anaganiza, ngakhale mwana wa kalasi loyamba angawasunge m'mutu. Anasaina. Mlamu anabweretsa masitika mazana asanu achikasu, ndipo anawagawa m'masitolo, m'masukulu ndi m'makomo. Nambala yakale ya pamakoma anaipaka penti yoyera.

Chinthu chimodzi chokha sanachite, chomwe mwana aliyense amauzidwa asanapereke pepala la mayeso: kubwereza n'kuona ngati zili bwino. Palibe amene anaimbako nambalayo kuti amve zomwe woimba amamva.

Inali nyengo yotentha, mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika osagwetsa kanthu. Nyengo ngati imeneyi njoka zimafuna pozizira: kuseri kwa mitsuko, pansi pa makama, m'nsapato. Zaka zonse foni inkalira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Chaka chimenecho inangokhala duu pawindo. A Ndowa ankaitenga, kuiyang'ana ngati yazima, n'kuibwezera. Ikalira, anthu ankayankhula mothamanga ngati akuthamangitsidwa, ndipo ena ankaduka pakati.

Kenako nkhani zinayamba kumveka. Bambo wina anathira petulo kuuna n'kuyatsa, moto n'kutentha khola la nkhuku ndi theka la khitchini. Kalipentala wina analumidwa padzanja akufuna kupha mamba ndi chikwanje. A Ndowa anakumana ndi mkazi wa kalipentalayo pasitolo ya zitsulo.

"Bwanji simunandiimbire, mayi?"

Mayiyo anawayang'ana osaseka. "Anthu akuti nambala yanu yatsopanoyi imaluma kuposa njoka."

Pobwerera kunyumba anatsimikiza mtima kuti mwezi ukatha akambirana ndi mlamu. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi.

Lachiwiri masana, dzuwa litangopendeka, foni inalira. Mawu ake anali a kamtsikana, otsika kwambiri.

"Ndinu abambo a njoka?"

"Ndine, mwanawe. Ukuiona?"

"Eee. Ili pansi pa bedi. Pabedipo pagona mwana wathu. Amayi apita kuntchito, amachapa kuchipatala, andisiyira foni."

"Uli nayo patali bwanji?"

"Ndili pachitseko."

"Wachita bwino. Usasunthe, usaichotse maso, usakuwe. Ndikubwera. Tsopano undiuze, kwanu ndi kuti?"

"Pafupi ndi tanki ya madzi, mukangodutsa..."

Foni inaduka. A Ndowa sanade nkhawa. Anachita zomwe anachita zaka zonse: anatsegula pamene pamaoneka oimba kuti amuimbire mwanayo. Panalibe nambala yake. Panali manambala anayi aja, awo omwe, mzere wonse kuyambira tsiku lomwe anasaina. Aliyense ankadzera kumakina a kampani, ndipo makinawo ankangoonetsa dzina lawo.

Akazi awo anali ataimirira kale, nsalu ili m'manja. "Wati kuti?"

"Patanki."

"Matanki alipo anayi, bambo."

Anaimbira mlamu pakafoni ka mayiwo. Mlamuyo anayamba ndi nthabwala, koma atamva mawu a alamu ake analeka. Anati nambala za oimba zimasungidwa kulikulu, munthu amalemba kalata, yankho limabwera pakatha masiku awiri.

"Masiku awiri," anatero a Ndowa, n'kudula. Anaika kafoniko m'thumba, n'kusiyira akazi awo foni ya ntchito. "Akaimbanso, musamufunse china chilichonse. Njira yokha."

Tanki yoyamba inali pafupi ndi msika. Anafunsa ogulitsa makala, anafunsa wometa tsitsi, ngati akudziwa mayi wochapa kuchipatala wokhala ndi mwana wakhanda. Wometayo anafuna kudziwa kaye kuti mayiyo walakwa chiyani. Kutanki yachiwiri anapeza mipanda yaitali ndi agalu okhaokha. Ali pomwepo kafoni kanalira. Anali akazi awo.

"Waimbanso. Zikuoneka kuti anapeza timayunitsi tongongola ku kampani. Koma bambo, nambala ija imayamba ndi mawu ojambulidwa, moni wautali, kenako kanyimbo. Ndinamva kumapeto kwake. Zonsezo zimadya mayunitsi iye asanayankhule."

"Wanena chiyani?"

"Wangoti, 'Yakwera.'"

Mphepo yotentha inkaulutsa mapepala mumsewu, ndipo kumadzulo mitambo inali itada bii. A Ndowa ankadziwa khalidwe la mamba yolavula. Simathawa munthu wogona monga zichitira njoka zina. Imakwera pabedi, n'kudziyala pambali pake, ndipo wogonayo akatembenuka imaluma. Khanda silichedwa kutembenuka.

Kutanki yachitatu kunali mayi wogulitsa madzi, atakhala pansi pa ambulera ndi makiyi a mpopi m'khosi. Sanadikire kuti amalize kufunsa.

"Wochapa kuchipatala? Mukhote pamtengo wa mapeyalawo, nyumba zogundizana zija, chitseko chachitatu. Kwagwanji, ankolo?" Kenako anaona ndowa ija, n'kugwira pakamwa.

Chitseko chakunja chinali chotsegula. A Ndowa anavula nsapato, kuvala magalasi, n'kulowa mwakachetechete. Pabalaza panali mpando umodzi, beseni la matewera onyikidwa, ndi kope la masamu lotsegula pansi, sitika yachikasu itamatidwa pachikuto. Pachitseko cha chipinda panaima mtsikana wa zaka ngati khumi ndi chimodzi, wovala siketi ya yunifomu ndi malaya a amayi ake. Foni inali idakali kukhutu, ngakhale inali itaduka kalekale. Misozi inali itauma m'masaya, koma maso anali pabedi.

"Ndafika, mayi," ananong'ona. "Bwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Tsopano ndikuiona ndine."

Njokayo inali itadziyala m'mbali mwa khoma, pamwamba pa bulangeti, mutu wake uli pafupi ndi mapazi a khandalo. Mwanayo anali chagada, manja m'mwamba, kakamwa kakuyamwa m'tulo. A Ndowa sanayambe ndi njoka. Anapinda chitenje chimene chinali pamutu wa bedi n'kuchitsitsa pakati pa mwana ndi njokayo ngati khoma. Mamba inadzutsa mutu, kufutukula khosi, n'kulavula. Malovu anagwera pamagalasi n'kuyenderera. Pamenepo ngowe inalowa pansi pa thupi lake, dzanja linalo n'kugwira mchira, ndipo anayenda nayo chafutambuyo mpaka pandowa. Chivundikiro chitatsekeka, khandalo linatembenukira kukhoma, pamalo pomwe panali njoka paja, n'kuyamba kulira.

Mtsikana uja anakhala pansi pakhonde. Anthu oyandikana nawo anali atatuluka, ndipo zinadziwika kuti kuseri kwa khoma la chipindacho kunali anthu akuluakulu atatu nthawi yonseyo, akumvera wailesi.

"Bwanji sunatiitane, iwe?" anafunsa mayi wina.

Mwanayo anayang'ana a Ndowa. "Anati ndisasunthe. Anati ndisakuwe."

Anali ataima pachitsekopo ola lathunthu ndi mphindi khumi. A Ndowa anamuuza kuti anachita zonse molondola, ndipo wolakwa sanali iye. Anabwereza kawiri, atagwada kuti maso awo alingane, mpaka mwanayo anagwedeza mutu.

M'mawa mwake anapita okha kuofesi ya kampani, osadzera kwa mlamu. Kalaliki anayamba kuwerenga ubwino wa nambala iliyonse, koma iwo anakweza dzanja.

"Mwanangu, ine ndili ndi mafunso awiri basi. Munthu wopanda kanthu m'foni akandifuna, chimachitika n'chiyani? Nanga akaduka pakati, ndimupeza bwanji?"

Kalalikiyo anavomera kuti pa nambala yaifupi yankho linali loipa pa mafunso onse awiri. Yaulere ija inali yabwino kwa woimba, koma nayonso inkadzera kumakina omwewo obisa nambala. Yotsala inali nambala wamba, yaitali, yosakongola, imene munthu angaflashe iwo n'kumuona. Anasankha imeneyo, yawo yakale ija. Pamakoma anailembanso ndi zilembo zazikulu, pansi pake n'kuwonjezera kuti: flashani, tikuimbirani. Mafunso atatu aja anawasintha. Tsopano loyamba ndi lakuti muli kuti, lachiwiri ndi lakuti kodi pali wamkulu pafupi.

Asanatuluke muofesimo anafunsa chimene munthu adzamve akaimba nambala yaifupi ija itatsekedwa. Kalaliki anati adzamva kuti nambalayo palibe, ndipo pakapita miyezi ingapo adzaipatsa bizinesi ina.

Kuyambira sabata imeneyo, a Ndowa ndi akazi awo amayenda khomo ndi khomo atatenga mpeni waung'ono, kupala masitika achikasu n'kulemba nambala yoyenera ndi cholembera. Mlamu amawatsatira Loweruka, osanenanso za abusa ndi mbale. Masitika a m'masitolo ndi a m'masukulu anawapeza msanga. Koma ambiri anthu anapita nawo kunyumba, n'kuwamata kuseri kwa zitseko, m'makabati, m'makope a ana, malo amene munthu amayang'anako tsiku lokhalo limene wagwidwa ndi mantha. Mvula yoyamba inagwa Lachisanu, achule n'kuyamba kulira m'ngalande zonse. Pofika tsikulo, masitika oposa mazana awiri anali asanapezeke.