Dengu la Chinangwa cha Abiti Jafali

Abiti Jafali ndimayamba kuwakumbukira ndi mphuno. Nkhope yawo isanabwere m'maso, limafika fungo la utaka wowamba, utsi wa nkhuni zaziwisi ndi mafuta a nsomba akudonthera pa makala, fungo lomwe linkalowa pa mpanda wa bango n'kudzakhazikika m'mabulangete athu, m'tsitsi mwathu ngakhalenso m'makope anga a kusukulu. Kenako ndimawaona: gogo wamfupi wa manja olimba, mpango utakuta mutu ndi khosi, maso ofiira ndi utsi, akutembenuza nsomba pa waya ndi zala uku akukalipira nkhuku. Ankavala zitenje ziwiri, china m'chiuno china paphewa, za zipani ziwiri zomwe otsatira ake ankatukwanana pamsika. Wina akawafunsa kuti iwo ali mbali iti, ankangoti, "Onse anandipatsa. Nsalu ili ndi mlandu wanji?"

Tinafika m'mudzi mwawo, kufupi ndi ku Chipoka, patatha chaka chimodzi boma litasintha. Ine ndinali ndi zaka khumi, mlongo wanga Yohane zinayi. Kampani yomwe bambo ankagwirako ntchito ya ukalaliki ku Blantyre inali itachotsa anthu, ndipo atayendayenda miyezi ingapo osapeza ina, anati tipite kwawo komwe kunali malo olima. Kwa bambo uku kunali kubwerera kumudzi, koma kwa amayi kunali kupita kuchilendo. Iwo anabadwira ku Ndirande, anakulira pa mpopi ndi pamsika, ndipo khasu ankaligwira popalira kadimba ka mpiru kuseri kwa nyumba basi. Lole itatsitsa katundu wathu pamchenga, sofa, kabati ya magalasi ndi simbi ya magetsi kumudzi kopanda magetsi, amayi anakhala pa sofayo panja pomwepo, nsapato zili kuphazi, akuyang'ana nyumba ya udzu yomwe anatipatsa. Azakhali, alongo awo a bambo, anatilandira ndi mawu okoma, koma maso awo anali pa zikhadabo zazitali za amayi.

Nyumba yoyandikana nafe inali ya Abiti Jafali, mayi wachisilamu amene amuna ake anamwalira kalekale. Tsiku lomwelo anabwera, n'kukhala pa sofa pambali pa amayi osapempha, n'kudzigwedeza kawiri katatu.

"Eee, chimenechi n'chogonetsa tulo," anatero. "Inu ndinu amake ndani?"

"Amake Lusiya."

"Amake Lusiya, musamakachape pa bango paja. Pali ng'ona. Muzichapa pomwe pali anthu."

Anadzuka n'kumapita. Umu ndi momwe ankathandizira munthu: mawu awiri atatu, okuwa ngati mwawalakwira, kenako msana. Amayi ankawaopa. Ine ndinkawakonda chifukwa ndikasuzumira pampanda ankandiponyera kansomba kotentha osandiyang'ana n'komwe.

Patapita milungu ingapo, ufa womwe tinabwera nawo unayamba kutha. Amayi sanauze munthu, koma kumudzi nyumba yomwe sikumveka mtondo imadziwika. M'mawa wina, bambo atapita ku boma la Salima kukafunsira ntchito, Abiti anatulukira atasenza dengu la chinangwa, dothi likadali lonyowa.

"Nachi chinangwa," anatero akutula. "Musende, muviike kaye." Ndipo anathamangira kwawo chifukwa nsomba zinali pamoto.

Amayi anasenda, n'kuviika m'beseni pomwe ankasesa pabwalo, kenako anaphika monga tinkaphikira chinangwa chomwera tiyi ku Ndirande. Chinali chowawa. Ndinadandaula, koma iwo anati, "Idyani, kuno kulibe buledi." Ine ndinadya tizidutswa tiwiri, tina n'kukwirira mumchenga. Yohane anali ndi njala, anadya ndithu. Amayi sanalawe n'komwe, anasungira bambo gawo lawo.

Dzuwa litafika pamutu ndinayamba kumva chizungulire. Yohane anasanza kawiri, kenako anangogona pansi, khosi lili lende, maso atatembenuka. Kukuwa kwa amayi tsiku limenelo sindinakuiwale. Abiti anali pa swala, pemphero lawo la masana, koma anabwera akuthamanga opanda nsapato. Anamuyang'ana mwanayo, anavundukula poto, analuma kachidutswa n'kulavula.

"Munaviika masiku angati?"

"Masiku?" anatero amayi.

Abiti anamupisa Yohane chala kukhosi mpaka anasanzanso, anavula chitenje cha paphewa n'kumubereka, n'kundigwira ine dzanja. Kuchokera kwathu kukafika pamsewu panali kamtunda, koma gogo uja ankathamanga mwakuti amayi ankatsalira m'mbuyo. Galimoto yoyamba inatidutsa. Itatulukira yachiwiri, yonyamula madengu a usipa, Abiti anakaima pakati pa msewu atatambasula manja. Dalaivala anaima matayala akulira, n'kutulutsa mutu kuti atukwane.

"Udzanditukwana pobwerera, mwanawe," anatero Abiti akukweza kale mwendo. "Tiye kuchipatala."

Ine ananditulutsa tsiku lomwelo. Yohane anagona masiku awiri, ndipo lachitatu anadzuka n'kupempha mpira wake. Kuchipatalako ndi kumene amayi anamva kuti chinangwa chilipo cha mitundu iwiri, ndipo chowawacho amachiviika masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, n'kuchiyanika, n'kusinja ufa.

Mwana anachira, koma nkhani sinathe. Inayenda pa mjigo, kunyanja, mpaka kutchalitchi. Azakhali ankafunsa aliyense funso limodzi lomweli: "Ngati sankadziwa, bwanji iyeyo sanadyeko?" Amayi akafika pa mjigo, macheza ankazima. Bambo sanawanene, koma sanawaikirenso kumbuyo pamaso pa alongo awo. Ankangoti zitha zokha. Amayi anasiya kutuluka. Madzi ndinkatunga ndine, ndipo mawu onse omwe ndinkamva kumeneko ndinkawameza.

Tsiku lina m'mawa, bambo atapita kukadula mitengo ya nkhokwe, amayi analongedza zovala zathu mu sutikesi yabulauni, anabereka Yohane, n'kundiuza kuti ndivale nsapato. Tinayenda wapansi mpaka pa siteshoni ya sitima ku Chipoka. Ine mtima unali pawiri. Ku Ndirande ndinkakufuna, anzanga ndi magetsi, koma ndinkaganiza za bambo akubwera ndi mitengo paphewa n'kupeza chitseko chotseka.

Sitima inachedwa. Tinakhala pa benchi, sutikesi ili patsogolo pathu, amayi akuyang'ana njanji osaphethira. Ndipo ndinamva fungo la utsi wa nsomba. Abiti anali ataima pambali pathu, thukuta lili chuchuchu, akupuma movutikira. Sanapereke moni. Anangodzigwetsa pa sutikesi yathu n'kutambasula miyendo.

"Alihamudulila, ndakupezani. Miyendo yatha."



"Ndachokera pa mjigo," anapitiriza. "Ndawauza onse, alamu anu ali pomwepo, kuti chinangwa chija ndinakumba ndine, ndinasenza ndine, ndinatula ndine. Ndinati muviike, masiku sindinanene. Ngati pali wofuna kupha ana, akhale ine. Ndawauzanso kuti mayi wosiyira ana chakudya iye ali ndi njala, ife kuno timamudziwa, chifukwa tonse tinachitapo."

"Amayi, kuno sindingathe," anatero amayi anga. "Sindidziwa kanthu. Ndikanapha mwana wanga ndi manja angawa."

"Tikanapha tonse awiri. Nanga inu mukakwera sitima, ine ndikwere chiyani? Chichitikireni zija sindigona. Ndikati ndiswali, ndimangoona khosi la mwanayu." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa. "Ndili ndi munda wa mpunga kudambo. Mbande zakula, msana wanga wakana. Ndikufuna manja."

"Mpunga sindinawokepo."

"Ndiye ndikuti tiyeni. Ulendo uno ndizinena zonse, mpaka mutope nane."

Pamenepo sitima inalira chapatali. Anthu anayamba kunyamula madengu ndi ana. Amayi anaimirira, n'kumanga bwino Yohane kumsana.

"Amayi, tadzukani, nditenge sutikesi."

"Ndanena kale, miyendo yatha."

"Sitima indisiya."

"Ndinyamuleni pamodzi ndi sutikesiyo. Ku Blantyre sindinafikeko."

Sitima inaima. Anthu anatsika, ena anakwera, ogulitsa nthochi ndi nsomba akuthamanga m'mbali mwa mawindo. Gogo uja anali wopepuka, amayi akanafuna akanamukankhira pambali ndi dzanja limodzi, kapena kungoisiya sutikesiyo n'kutikweza. Ndinawayang'ana kumaso kudikira. Anagwira chogwirira cha sutikesi, chomwe chinatulukira pakati pa miyendo ya Abiti, n'kukoka pang'ono. Abiti anayang'ana kumwamba ngati sizikuwakhudza. Amayi anakokanso, ndipo mwadzidzidzi anaphulika kuseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi, mpaka anakhala pansi pafumbi atagwira bondo la gogoyo. Sitima inanyamuka iwo ali pomwepo.

Itazimiririka, Abiti anadzuka bwinobwino, anasenza sutikesi pamutu n'kutsogola. Tinafika kunyumba bambo asanabwere. Anadzazimva patapita masiku, kwa Abiti omwewo, amene anawaitanira kuseri kwa nyumba yawo. Zomwe anawauza sindinazimve, koma Lamulungu lotsatira bambo anayenda pambali pa amayi kuchokera pakhomo mpaka kutchalitchi, akudutsa pabwalo pa azakhali.

Abiti anasunga mawu awo, ndipo amayi anatopa nawodi. M'bandakucha, akangomaliza swala, ankagogoda pazenera. Kudambo ankakuwa kuti tsidya lonse limve: "Mbande ziwiri, osati mtolo! Bwererani cham'mbuyo! Umenewo ndi msundu chabe, uchotseni, sukudyani mwendo wonse!" Amayi ankabwera matope mpaka m'chiuno, zikhadabo zitathyoka, akung'ung'udza kuti gogo ameneyu adzawapha. Koma m'mawa mwake ankadzuka asanagogodedwe. Anaphunzira kusiyanitsa chinangwa poyang'ana masamba, kusinja kondowole, kuyanika usipa pa thandala, kuzira nyumba. Tsiku lomwe tinamweta mpunga woyamba, Abiti anagawa milu iwiri yofanana, ndipo amayi anatapa lichero lodzaza kukapereka kwa azakhali. Azakhali analandira ndi manja awiri, n'kufunsa ngati amayi angawathandize kuwoka chaka chamawa.

Pa Idi tinkadya mpunga wa nyama kwa Abiti, pa Khirisimasi amayi ankapempha msilamu kuti atiphere nkhuku kuti gogoyo adye nafe. Abiti anamwalira ine ndili Fomu 3. Chaka chawo chomaliza maso anali atafa ndi utsi, ndipo amayi ndiwo ankawatsogolera ku bafa, n'kuwayalira mkeka kuloza komwe amaloza poswali.

Bambo nawonso anatisiya. Yohane ndi mphunzitsi tsopano, ndipo za tsiku lija sakumbukira chilichonse. Ine ndimakhala ku Lilongwe, m'nyumba ya magetsi ndi mpopi, ndipo chipinda chimodzi ndinachikonzera amayi. Chaka chilichonse ndimawapempha kuti abwere adzapume. Amabwera ndi thumba la mpunga, amakhala masiku anayi, lachisanu ndimawapeza atamanga kale katundu.

"Kuno kwanu kuno n'kosowetsa chochita," amatero. "Ndisiye ndizipita kwathu."

Inenso anthu akandifunsa kwathu, ndimati ku Salima, cha ku Chipoka. Sindinabadwireko, ndipo tsiku lina ndinaima pa siteshoni nditavala nsapato, wokonzeka kuchokako. Koma ndimayankha choncho osaganiza kawiri, ndipo ndimadziwa amene anandipatsa yankho limenelo.