Waya Wonenepa wa Abambo

Amayi atamwalira, mawu awo anatsala pamalo amodzi okha: m'nyimbo ya kwaya ya amayi a kumpingo kwathu ku Area 23, imene munthu wina anajambula pafoni atakhala kumbuyo kwa tchalitchi. Zithunzi tili nazo zambiri, koma mawu ndi omwewo basi. M'nyimbomo mumamveka mabenchi akulira, mwana wina akutsokomola, ndi khamu la azimayi likuimba pamodzi. Amayi anga alimo, poti tsikulo tinawaona ataima pamzere wachiwiri. Koma kuwapatula pakati pa anzawo inali ntchito yosatheka.

Abambo anati vuto ndi kawayilesi kathu. Iwo anali dalaivala wopuma pantchito, munthu wokhulupirira kuti chilichonse chovuta padziko pano chili ndi sipeya yake. Anakwera minibasi kupita m'tauni, n'kubwerako ndi ampulifaya ndi masipika awiri aakulu ngati zigubu. Atalumikiza, nyimbo inakula, chifuwa cha mwana uja chinakulanso, koma Amayi osamveka. M'mawa mwake anabwerera kwa wogulitsa, ndipo madzulo anafika nkhope ili gwa, akubwereza zimene anauzidwa.

"Akuti sipika yatsopano ili ngati nsapato, imafunika iyende kaye kuti ifewe. Tikamailiza osazimitsa, tidzamva ngakhale kupuma kwa woimba aliyense."

Kupuma kumeneko ndi kumene kunawakola. Ine ndinati ngati ndi choncho tiziika nyimbo zina, koma anakana kwamtuwagalu. Ankafuna kuti masipikawo azolowere mawu a Amayi, osati a anthu achilendo. Choncho nyimbo imodziyo inkalira kuyambira m'mawa mpaka magetsi atathima, ndipo akayaka inkayambiranso. Oyandikana nawo nyumba poyamba ankatimvera chisoni, kenako anayamba kutseka mawindo. Ana a pamzere wathu ankaiimba popita kumjigo, ndi kutsokomola komwe. Ine nyimboyo ndinadana nayo, ndipo zimandipweteka mpaka lero kuti chinthu chokhacho chimene Amayi anasiyamo mawu chinafika pondinyansa.

Masabata atadutsa popanda kusintha, mlandu unagwera mawaya. Abambo anapita ku Biwi kwa anzawo oika mawayilesi m'magalimoto, ndipo kumeneko wina anawauza kuti mawu a alto, amene Amayi ankaimba m'kwaya, ndi onenepa, sangadutse pawaya woonda ngati ulusi. Anabwera ndi waya wonenepa ngati chala, wamitu yonyezimira ngati golide. Anagwada pasimenti ndi mawondo awo otupa, akusenda nsonga ndi mpeni wakukhitchini. Nayenso wayayo ankati ayenera kufewa.

Apo mtima unandipsa. Ndinawauza kuti, "Abambo, chimene foni sinatole, waya sangachibweretse. Foniyo inali kumbuyo, Amayi anali kutsogolo. Masipika sakusintha, akuzolowera ndi makutu anu."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Sukulu uli nayo, mwana wanga, koma chipiriro ulibe." Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Ndinali wotsimikiza kuti ndikunena zoona, komabe zoonazo sizinathandize aliyense m'nyumba muja. Abambo anayamba kuonda, kutchalitchi osapita, kumaliro a anzawo osapita, kuopa kuti tsiku limene masipika adzatseguke lidzawapeza palibe.

Loweruka lina masana ndikuchapa kuseri, ndinamva akundiitana ndi mawu amene ndinali ndisanawamve chiikireni maliro. Ndinathamanga thovu lili m'manja. Anali atakhala pakampando pakati pa masipika, mutu atapendeketsa.

"Afewa tsopano! Tamvera, ndi awa amayi ako. Dikira, akubwera. Awo!"

Anabwezera nyimbo m'mbuyo. Pamene kwaya ikutsitsa mawu, panamvekadi mayi wina akukoka mawu motalika kuposa anzake. Ndinawazindikira nthawi yomweyo. Anali mayi wina wa ku Dedza, wogulitsa tomato pafupi ndi siteji, amene amakoka mawu chomwecho Lamulungu lililonse, ndipo ali moyo. Ndinaima chilili, madzi akudonthera pansi, ndikufunafuna njira yonenera.

Abambo anaona nkhope yanga. Chimwemwe chija chinazima pang'onopang'ono, ndipo anatsitsa voliyumu mpaka nyimbo inangotsala kunong'ona.

"Si iwo eti?" anafunsa. Sanadikire yankho. "Sabata yatha ndimaganiza kuti ndi ena aja akumanzere. Ine ndasokonezeka, ndamvera kwambiri. Iwe makutu ako ndi anthete. Tandikumbutsa, mawu a amayi ako ankamveka bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe. Ndinakumbukira zimene Amayi ankanena pondidzutsa, pondikalipira, popemphera tisanadye, zonse ndinazikumbukira bwinobwino. Koma m'mutu mwanga zinkamveka ndi mawu anga. Ndinayesa kuwaimbitsa nyimbo yomweyo mumtima, ndipo ndinangomva khamu lija, mabenchi, ndi mwana wotsokomola. Miyezi yonseyo ndinkakangana ndi Abambo za mawaya ndikuyesa kuti ine Amayi ndawasunga.

Abambo ankandiyang'anabe, akudikira, dzanja lili pabatani.

"Bwezeraninso, Abambo," ndinatero, n'kukoka mpando kukhala pambali pawo. "Mwina waya sanafewe."