Ndinafuna pepala lachidindo, pampu sinabwere

Inu owerenga, ine sindinabe kanthu, koma tomato wa anzanga ndinaumitsa ndine.

Ndine mlembi wa kagulu ka ulimi wothirira kwa Kalembo, m'mbali mwa Shire. Titatopa ndi kuthirira ndi ndowa, tinasonkherana kuti tigule pampu ya sola. Ku Balaka inali yodula zedi, ndiye ndinapeza yotsikirako pa intaneti, kwa wogulitsa wina wa kunja.

Mlamu wanga, mphunzitsi ku Liwonde, ali ndi khadi ya ku banki yogulira katundu kunja. Anati ndimupatse ndalamazo alipire iye, chifukwa ukalipira ndi khadi katundu n'kusafika, umakadandaula ku banki ndipo nthawi zambiri amakubwezera.

Ndinakana. Kwathu kuno ndalama za gulu zikangodutsa m'manja mwa mlamu, basi, anthu amati wadya. Ine ndinkafuna pepala lokhala ndi chidindo loti ndikaonetse pamsonkhano. Wogulitsa uja nayenso anati ndikatumiza ku akaunti yake kudzera ku banki anditsitsira mtengo. Ndinadziona wochenjera.

Ku banki mtsikana wa pakauntala anandifunsa kuti, "Bambo, munthuyu mukumudziwa? Zikapita izi, kubwerera n'kovuta." Ndinati iyayi, sindimudziwa, koma dindani.

Pamsonkhano pepalalo linayenda dzanja ndi dzanja, anthu kuomba m'manja. Podalira pampu, aliyense anawokera tomato wambiri, mpaka kumtunda komwe ndowa sungafike nayo kawiri. Abiti Saidi, mayi wamasiye wa m'gulu lathu, anagulitsa mbuzi yawo kuti agule mbewu ndi feteleza.

Mwezi unatha, wina n'kutha, pampu osabwera. Wogulitsa anasiya kuyankha. A banki anayesa kutsatira, n'kundiuza kuti akaunti ija inatsekedwa. Dzuwa la Okutobala linamaliza zotsalazo, tomato yense kuuma ali ndi maluwa.

Palibe ananditcha wakuba. Pepala lija linanditeteza, koma linateteza ine ndekha.

Inu owerenga, mukamagula kwa munthu wa kunja amene simunamuonepo, musatumize ku akaunti yake ngakhale atsitse mtengo chotani. Lipirani ndi khadi, ndipo ngati ndi ya mlamu, itanani anzanu aone akulipira. Kunenedwa kumatha.

Abiti Saidi pano amayenda maganyu. M'mawa uliwonse amadutsa pakhomo panga ndi khasu paphewa, n'kuima, n'kundipatsa moni mwaulemu: "Mwadzuka bwanji, alembi?" Kunena zoona, bola akanandilalatira.