Zala za a Nkhanu

Dzina la Nkhanu anawapatsa ndi kasitomala wina amene anatuluka mu saluni misozi ili mbwembwembwe, nsidze zitakwera m'mwamba ngati wamva uthenga wodabwitsa, koma mwezi wotsatira n'kubweranso. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu a Nkhanu analuka tsitsi pa mpando umodzimodzi, wachiwiri kuchokera pakhomo, ndipo mbiri yawo inali imodzi yokha: amakoka. Tsitsi lifupike bwanji, ngakhale longomera dzulo, zala zawo zinkalipeza n'kulipana. Azimayi a m'dera limenelo, ndiwanene poti sakundimva, anali ndi maganizo opepera akuti mutu ukapanda kuwawa masiku atatu ndiye kuti wolukayo wakupusitsa. Ankabwera atamweratu mankhwala a mutu, n'kumadikira pa benchi ngati kuchipatala.

Nyamakazi inayamba ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja. Kenako m'mawa uliwonse zala zonse zinkadzuka zili gwa, mfundo zitatupa, moti kumanga batani la bulauzi kunasanduka ntchito yokhalira pansi. Tsiku lina chipeso chinawapulumuka katatu ali pa mutu umodzi. Kachitatuko anatola ndi madamu, mwini saluni, n'kuchiika patebulo. M'mawa mwake a Nkhanu anapita kuchipatala.

Namwino anawagwira manja, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kuwauza mosabisa kuti palibe jakisoni wobwezera zala zakale. Anati chimene chingatheke n'kusunga zimene zatsala. M'mawa aziviika manja m'madzi ofunda. Pa ntchito, likatha theka la ola azisiya mutu wa munthu, azifumbata ndi kutambasula zala pang'onopang'ono. Asawasiye manjawo kungokhala, chifukwa mfundo yosayenda ndiyo imaumiratu. Zoimirira tsiku lonse zithe, apeze mpando wautali. Minibasi azitsika kukadali kamtunda kuti aziyendako pansi, thupi lichepeko, poti maondo nawo anali atayamba kulira. Atamaliza kulemba papepala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndipo kukoka kuja musiye, mayi. Tsitsi silithawa."

A Nkhanu sanakwiye, sanalirenso. Anangomva ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina amene iwo amuperekeza kuchipatalako. Anachita zonse monga anauzidwa, osati chifukwa chokhulupirira, koma chifukwa analibe mphamvu zotsutsira. Anagula fulasiki ndi kabeseni kakang'ono. Mlamu wawo kalipentala anawakhomera mpando wautali umene mwendo umodzi unapitirira inzake, ndipo iwo anangopinda katoni n'kutsamiritsa miyendo inayo. Likatha theka la ola ankatsitsa manja, kasitomala n'kumawayang'ana pagalasi ngati akuona dalaivala amene waimitsa basi pakati pa msewu kuti apume.

Zinathandiza, limenelo lisabisike. Patatha miyezi itatu kutupa kunaphwa, batani linayambanso kulowa, ndipo masitepe a kutchalitchi ankakwera osagwira khoma. Koma makasitomala akamalizidwa ankadzisisita m'mutu, kufunafuna ululu umene anauzolowera, n'kuthokoza mwachidule. Mwezi wotsatira ankalowa, kuwapatsa moni a Nkhanu mwaulemu wonse, kufunsa za manja, kenako n'kukakhala pa mzere wa mnzawo wa mpando wa pazenera. Mnzawoyo anali munthu wabwino, ndipo masiku amenewo ankaluka maso ali pansi. Madamu ankati asadandaule, anthu abwerera. A Nkhanu sankadandaula. Ankakhala pa mpando wawo wautali n'kumaona magalimoto akudutsa.

Unatsala mutu umodzi umene sunagwidwepo ndi dzanja lina chibadwire, wa mwana wawo wamkazi. Mtsikanayo ankamaliza koleji, ndipo Loweruka linali tsiku lolandira digiri. A Nkhanu sanauze munthu, koma mumtima anali atagamula kale mlandu wake. Mutu umenewu ukavomera, ndiye kuti iwo akadali woluka ndipo ena onsewo ndi ozerezeka chabe.

Lachinayi anakhala pakhomo. Mwana anakhala pa pilo pansi, msana utatsamira maondo a amayi ake, monga ankachitira ali wa zaka zinayi. Analuka maola asanu, kupuma ndi kuviika manja kuli momwemo. Mizere inatuluka yowongoka bwino, yopindira kuseri kwa khutu monga mtsikanayo amakondera, popanda katsitsi kamodzi koima pakokha. Pakati pa ntchitoyo mwanayo anagona tulo, mutu uli pa bondo lawo, chinthu chimene sichinachitikepo. Atadzuka anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali n'kunena kuti zakongola. Lachisanu anapita kukatenga gauni ndipo anabwerako madzulo atamanga duku, akuti kuopa fumbi. Loweruka analawirira, poti omaliza maphunziro ankafunika kufika msanga.

Mu holo munali motentha ndipo maina anali ambirimbiri. Dzina la mwana wawo litatchulidwa a Nkhanu anaomba m'manja pang'onopang'ono, mosamala mfundo. Panja, pakati pa chikhamu cha makolo ndi maluwa apulasitiki, wojambula zithunzi anauza mtsikanayo kuti avule chipewa chifukwa chikuphimba nkhope. Iye anazengereza, kenako anavula.

Mizere inali yomweyo, kuchuluka kwake komweko, kupindira kuseri kwa khutu chimodzimodzi. Koma khungu la pakati pa mizereyo linali litakungika mpaka kunyezimira, m'mbali mwa chipumi mutatuluka timatuza, ndipo nsidze zinali zitakwera.

"Wakulukanso ndi wa pazenera?" anafunsa a Nkhanu.

Mwanayo anagwedeza mutu, ndipo ngakhale kugwedezako kunkaoneka kuti kukuwawa. "Ndinawauza atengere zanu zomwe, asasinthe kalikonse."

"Zinali zitamasuka?"

"Ayi, amayi. Zinali bwinobwino." Anayang'ana chipewa chimene chinali m'manja mwake. "Koma sizimawawa. Ndimangomva ngati simunandiluke."

A Nkhanu anadikira kuti mumtima mupweteke. Anadikira ndithu, monga munthu amadikirira madzi atatsegula mpopi, koma simunatuluke kanthu. Anatambasula dzanja, nayendetsa chala pa mzere umodzi kuyambira pachipumi mpaka pankhongo, n'kunena kuti mnzawoyo wakoka bwino, zikhala mwezi ndi theka. Wojambula anati asendezane pafupi ndipo amwetulire, iwo anasendera n'kumwetulira.

Lolemba anafika ku saluni anthu asanayambe kubwera. Madamu anali akupukuta magalasi. A Nkhanu anapempha kuti awachotse pa mpando wachiwiri, awapatse sinki ya kumbuyo yotsukira mitu. Anali atakonza zifukwa ziwiri zitatu m'njira, koma sanazitchule n'komwe. Madamu sanafunse chifukwa. Anavomera nthawi yomweyo, osasiya n'kupukuta komwe, n'kuwauza kuti matawulo oyera ali mu kabati ya m'munsi.