Manja Khumi ndi Anayi Amene Ndinagwira Pamsasa

Ndikulemba pofuna kuika poyera zimene zinachitika pa msonkhano wa kalabu yathu ya magalimoto ogonamo, amene kuno amati motahomu, m'mwezi wa Epulo wa chaka chimene malire a dera lino anatsegulidwa ndipo Covid anayamba kufala mumzinda wa Perth.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Midland. Ine ndi mayi a kunyumba tinagula motahomu yakale, ndipo amene anatilowetsa m'kalabuyo ndi mnzanga wa ku Chipata, yemwe timatchulana kuti mlamu. Mamembala ambiri ndi azungu opuma pantchito. Wapampando ndi bambo wachikulire wa mapapo ofooka, woyenda ndi botolo la mpweya.

Tinafika pamsasa, m'mbali mwa nyanja kumwera kwa mzinda, Lachisanu masana. Nyengo yotentha inali itatha, mphepo ikuzizira. Nditaimika galimoto ndi kulumikiza magetsi, ndinachita monga ndinaleredwera, pakuti munthu sakhala pakati pa akuluakulu osawalonjera. Ndinayenda galimoto ndi galimoto kupereka moni wa m'manja, lamanzere litagwirizira mkono. Ena anayamba atandilozetsa chigongono, monga ankachitira anthu masiku amenewo, koma poona dzanja langa anachita manyazi n'kulilandira. Kwa wapampando ndinalowa m'kati ndi kukhalako kanthawi.

"Mlamu, mwasanduka phungu kodi?" anafuula mnzanga uja akuseka. "Kuno kulibe mavoti, khalani pansi!"

Loweruka m'mawa ndinalandira uthenga wochokera kwa kapitawo wanga, wondidziwitsa kuti okalamba ena a m'chigawo changa apezeka ndi matendawa. Ndinatenga kachipangizo kodziyezera, ndinachita zonse monga mwa malangizo, n'kukaika patebulo. Mphindi khumi ndi zisanu zisanakwane, mizere inali iwiri, kusonyeza kuti nanenso ndinali ndi matendawa.

"Bambo, tilongedze tizipita," anatero mayi motsitsa mawu. "Tikawauza pa foni tikafika kunyumba."

"Ndipo masana ano onse adyera pamodzi osadziwa kanthu?" ndinafunsa.

"Anthu akuda muno tilimo mabanja awiri okha. Mukudziwa zimene adzanene."

Ndiyenera kuvomereza kuti mawu amenewa anandigwira, ndipo kiyi ya galimoto ndinaitenga. Koma pantchito yanga ndaona mmene matendawa amachitira ndi mapapo onga a wapampando, ndiponso kuti dokotala akauzidwa msanga thandizo limakhalapo. Ndinabwezera kiyi pamalo pake, n'kutenga pepala. Ndikakhala ndi mantha Chingerezi chimandithawa pakamwa, choncho ndinalemba kalata, ndi mndandanda wa aliyense amene ndinamugwira dzanja. Anakwana khumi ndi anayi.

Nthawi imeneyo mamembala anali atakhala mozungulira pa mipando yopinda, akumwa tiyi. Ndinavala masiki, ndinaima patali pafupi ndi mpopi, ndipo ndinawerenga mokweza chifukwa cha phokoso la mafunde. Ndinayamba ndi kuti, "Kwa wapampando ndi mamembala onse, ndili ndi chisoni kukudziwitsani." Nditafika pa mndandanda, makapu anatsitsidwa. Bambo wina anaimirira n'kukokera mpando wake kumbuyo, ngakhale ndinali kutali kale.

Akazi a wapampando ndi amene analankhula. "Munakhala nthawi yaitali bwanji m'galimoto yathu?"

"Mphindi ngati makumi awiri, mayi."

"Mawindo anali otseka," anatero, osayang'ana ine. Anawagwira amuna awo pamkono n'kupita nawo, foni ili kale kukhutu.

Mlamu anandiponyera botolo la madzi ali patali, ngati akudyetsa galu wolusa. "Pitani, mudala. Chingwe cha magetsi ndichotsa ndine, musagwirenso kanthu."

Masiku asanu ndi awiri ndinakhala ndekha mu motahomu, pabwalo la nyumba yathu ku Girrawheen, mayi akusiya chakudya pa sitepe. Malungo ndi chifuwa sizinandivute kwambiri. Chimene chinandivuta ndi foni. Ikalira ndinkayamba ndayang'ana dzina. Tsiku lachinayi ndinamva kuti awiri a pa mndandanda adwala, koma ali kunyumba. Za wapampando panalibe wodziwa, ndipo ine sindinalimbe mtima kuwaimbira foni.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi akazi a wapampando anandiimbira foni. Ananena kuti amuna awo anapezeka ndi matendawa, kuti dokotala anawayambitsa mankhwala tsiku lomwelo popeza anali atachenjezedwa kale, ndipo kuti tsopano akudya. Sanandithokoze, sanandidzudzule. Anangoti, "Ndinaona kuti muyenera kudziwa," n'kudula.

Pa msonkhano wotsatira ndinaimika galimoto kumapeto kwa mzere. Ndinayendabe galimoto ndi galimoto, pakuti kusalonjera sindingathe, koma ndinkaima panja ndi kuwomba m'manja pang'onopang'ono, monga ankachitira bambo anga pofika pakhomo la apongozi. Mabanja awiri sanatuluke. Wapampando anatsegula windo, anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaika botolo lawo pambali n'kuwomba m'manja nawonso.